Poyankha Pakhale Zilembo Zonenepa

Epworth, 11 Febuluwale 2024

Mwana wanga Dolly,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yatitaya, chimanga cha kuseri kwa nyumba chauma chisanamasule. Mlongo wako Clemence, mkazi wake Nyarai ndi ana akupereka moni. Kalatayi ndapatsira Admire woyendetsa basi, chifukwa nkhani iyi siyonena pa foni mawu akudukaduka.

Lachitatu tinakaika a Fanwell Kamtunda, aja ankasoka nsapato pa Overspill. Chikwangwani cha pamanda ndinalemba ndine, monga ndachitira kwa anthu athu chiyambire. Koma ndabwerako mtima uli m'mwamba, ndipo mpaka lero sunatsike.

Mwambo wa bungwe lathu la maliro ukuudziwa. Makolo athu atabwera kuno kuchokera ku Nyasalande anaona kuti sangathe kumapita ndi mitembo kumudzi, ndiye anapangana mawu onena bokosi lisanatsike. Wotsogolera amafunsa kuti, "Munthu uyu kwawo n'kutali, abale ake ali kuti?" Khamu lonse limayankha kuti, "Tili pano." Kenako pamabwera mafunso ena ndi mayankho ake mpaka pemphero. Kale yankho limeneli linkamveka mpaka kumsewu. Lachitatu a Josphat, wapampando wathu, atafunsa, tinayankha ndife nkhalamba zochepa, mawu athu n'kupita ndi mphepo. Ana a malemu ndi zidzukulu anangoyang'ana pansi. Si mwano ayi, sadziwa poyankha, pakamwa pawo panadzaza Chishona.

Ndinachita mantha, Dolly. Ndinadziona ndagona m'bokosimo, a Josphat akufunsa, kunja kuli zii.

Ndikufuna kabuku ka mawu amenewa, koti mwana aliyense azigwira m'manja kumanda. Clemence akuti ntchito yako kumeneko ndi yopanga zilembo za mu kompyuta. Undipangire zofanana ndi dzanja langa. Anthu athu akhala akuwerenga dzanja limeneli pamanda a makolo awo, ndiye adzakalemekeza. Ka zilembo za m'nyuzipepala adzangokulungiramo mtedza. Ndatumiza pepala la zilembo zanga zonse. Undiyankhe ndi basi yomweyi.

Ndine bambo ako,
Zakaria

Johannesburg, 9 Malichi 2024

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi onse kunyumba. Pepani basi ija yapita ndi kubwera kangapo ine osayankha. Kuntchito tapanikizika, komanso ndikuthamangira mapepala anga okhalira kuno, omwe sanatulukebe. Za kugona m'bokosi musamazinene, mumandisowetsa tulo.

Pepala lanu ndalijambula n'kulilowetsa mu kompyuta. Dzanja lanu silinakalambe, Bambo, g wanu akadali ndi mchira wake uja wonyada. Koma zilembo izi pazokha sizikwanira. Mwana wosadziwa Chichewa akaona tsamba lonse lofanana sadziwa kuti mawu a a Josphat ndi ati, ake ndi ati. Pafunika mitundu itatu. Zoonda, zimene mwatumizazi, zikhale za wofunsa. Zonenepa zikhale za anthu oyankha. Zopendekeka zikhale zouza anthu chochita, monga kuimirira kapena kuponya dothi, zomwe siziwerengedwa mokweza.

Zitatu zonsezi ziyenera kuoneka kuti n'za mimba imodzi. Msinkhu ukhale umodzi, poima pakhale pamodzi, mchira wa g ukhale womwewo. Ife timati banja la zilembo. Choncho mundilemberenso zonse ndi bulashi yaikulu, komanso kachitatu mopendekeka pang'ono kumanja. Musafulumire, ntchito imeneyi anthu ena imawatengera chaka.

Miyendo ija ikadatupabe? Clemence akamayankha amangozungulira.

Mwana wanu,
Dolly

Epworth, 2 Epulo 2024

Dolly,

Moni. Miyendo ndi yanga, isiye. Chaka chimene ukunenacho uchipeze kwa ena, ine ndilibe. Mayi Augusta Nkhwazi, mmodzi wa nkhalamba zoyankha zija, agonekedwa m'chipatala, ndipo amene akawaona akubwerako akupukusa mitu.

Zonenepa ndi izi. Ndinagula penti yakuda yatsopano, ndalembera pa khonde, Tinevimbo akundigwirira pepala kuti lisauluke. Mdzukulu wanga ameneyu wakula, walowa sekondale, ndipo amandifunsa kuti, "Sekuru, apa pakuti chiyani?" Ndikamuuza amaseka, akuti Chichewa chimamveka ngati munthu akunyengerera mwana. Mng'ono wake Tawananyasha ndiye amangothawira ku mpira.

Zopendekeka sindilemba. Moyo wanga wonse sindinaikepo chilembo chopendekeka pamanda a munthu, kupendekeka n'kwa woledzera. Ngati zikufunikadi lemba wekha. Paja iwe kusukulu unkalemba mopendekeka ngati mpanda wa udzu mu Janyuwale, aphunzitsi mpaka kubwera kunyumba kudzadandaula. Lero kalembedwe kameneko kasanduka ntchito.

Clemence akuti kumene amagwira ku Msasa kuli makina osindikiza, ndipo abwana ake avomera. Chatsala ndi iwe. Tsiku lililonse basi ikafika ndimapita kukamuyang'ana Admire m'manja, mpaka wayamba kundibisalira.

Bambo ako

Johannesburg, 19 Meyi 2024

Clemence,

Uli bwanji ndi Nyarai? Iyi ndakulembera pa foni kuti ifike msanga, usawawerengere Bambo yonse.

Zonenepa zawo zandivutitsa. Anazilemba zazitali kuposa zoonda, chifukwa pa chikwangwani dzina la malemu limakhala lalikulu, ndiye kwa iwo chonenepa n'chachitalinso. M'buku sizitheka, mzere ungamadumphe ngati kombi yodzaza anthu pa msewu wokumbika wa Domboramwari. Ndazifupikitsa chimodzichimodzi. Nditatero diso la e linatsekeka, chilembo cha a nachonso chinangokhala chibulunga, ndiye ndachita kuzibowolanso n'kuwonjezera mpata pakati pa zilembo kuti zipume. Akadzazindikira kuti ndawadulira zilembo adzanditukwana, koma zikugwirizana tsopano. Zopendekeka ndalemba ndekha potsatira zawo.

Ndakutumizira mafayilo atatu. Uwaike onse mu kompyuta ya kuntchito kwanuko. Ulembe mawu onse ndi zoonda, kenako mayankho uwasankhe n'kudina batani la B, malangizo udine la I. Sindinaziyese mokwanira, ndimafuna nditapeza Loweruka limodzi loti ndikhalire pansi, koma Bambo akundiimbira ngati ndawabera mbuzi. Yamba kulemba, zina tikonza.

Undiuze zoona za miyendo yawo.

Dolly

Epworth, 6 Juni 2024

Sisi Dolly,

Tilipo, koma zinthu sizili bwino. Mayi Augusta anamwalira Lamlungu, tawaika dzulo.

Uthenga utangofika, mudhara wathu, Bambo, anati kabuku katuluke basi, maliro awa ndiwo oyambira. Ndinali nditalemba kale zonse monga munanenera. Pa kompyuta zinkaoneka bwino, mayankho akuda bii, malangizo opendekeka. Ndinasiyira mnzanga wa pa makina Lachiwiri, ine n'kuthamangira za bokosi ndi za lole. Timabuku ndinakatenga dzulo m'mawa titamangidwa kale m'katoni, sindinatsegule. Mu lole ndinauza achinyamata onse m'Chishona kuti, "Poonda mukhale chete, ndi pa sekuru Josphat. Mukaona pakuda ponenepa, werengani mokweza." Anagwirizana nazo, Sisi, ena mpaka anali ndi chidwi. Tinevimbo ndiye anagawa timabuku pamanda.

A Josphat anafunsa funso loyamba. Ana onse maso pa pepala, kufunafuna pakuda. Panalibe. Tsamba lonse linatuluka loonda, funso ndi yankho chimodzimodzi, ngakhale zopendekeka zija zinaima chilili. Anatembenuza tsamba, kutembenuzanso, kumangomveka mapepala okhaokha. Iwo anachita zomwe ndinawauza, anakhala chete. Anayankha ndi madala omwe aja, ndipo ulendo uno achepa ndi mmodzi.

Mudhara sanatenge kabuku, paja mawuwo ali nawo pamtima. Iwo anangoona zidzukulu zawo zitagwira buku m'manja, pakamwa potseka. Pobwerera anakana kukwera lole, anayenda wapansi ndi miyendo yotupayo. Kunyumba Tinevimbo anawapatsa madzi osamba m'manja, iwo osamuyang'ana n'komwe. Mwana walira mpaka kutupa maso.

Ndayesa kuwafotokozera, akuti ndisawaphimbe m'maso ndi nkhani za makina. Katoni aiika pamwamba pa wadirobu, akuti aliyense asaikhudze. Ineyo sindikudziwa chomwe chinalakwika, mafayilo onse atatu ndinaika. Za miyendo, kuchipatala akuti ndi mtima, ukutopa. Anandiletsa kukuuzani, koma nanga ndizingosenza ndekha?

Clemence

Epworth, 8 Juni 2024

Dolly,

Moni. Ntchito ija isiye, wavutika mokwanira.

Ndinkaganiza kuti ana sayankha chifukwa sadziwa. Tsopano ndaona ndi maso anga. Buku anali nalo, dzanja langa lili momwemo, koma anasankha kukhala chete. Akuchita manyazi, Dolly. Pamaliro panali anzawo a kusukulu ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ndiye sakufuna kumveka akuyankhula chilankhulo cha mabhurandaya, dzina lija amatinyoza nalo kuno. Sindikuwada. Anabadwira kuno, ayenera kukhala ndi anthu a kuno. Koma za Tinevimbo zandipweteka, chifukwa ndinkayesa kuti pondigwirira pepala paja anali nane.

Ndawauza a Josphat kuti tsiku langa likadzafika asadzafunse funso lija. Angopemphera, bokosi litsike. Kuli bwino kusafunsa kusiyana ndi kufunsa anthu n'kukhala chete.

Bambo ako

Johannesburg, 15 Juni 2024

Okondedwa Bambo,

Moni, ngakhale ndikudziwa kuti simuli bwino. Kalata yanu ndaiwerengera pa siteshoni pomwepo, Admire ataima potero, ndipo ndalephera kupita kuntchito. Ndikupemphani muwerenge iyi mpaka kumapeto musanaipinde.

Ana sanakane. Cholakwa n'changa, ndipo ndachipeza. Mu kompyuta mtundu uliwonse wa zilembo umakhala ndi dzina. Zoonda, zonenepa ndi zopendekeka zimayenera kulembetsedwa pa dzina limodzi, kenako n'kuiuza kompyuta kuti mwa atatuwa wamasiku onse ndi uyu, wonenepa wake ndi uyu, wopendekeka wake ndi uyu. Ine pothamanga ndinazipatsa mayina atatu osiyana: Zakaria Woonda, Zakaria Wonenepa, Zakaria Wopendekeka. Kwa kompyuta amenewa ndi anthu atatu osadziwana. Clemence atadina batani lonenepetsa, iyo inafunafuna wonenepa wa Zakaria Woonda, osamupeza, chonsecho ali khomo loyandikana nalo. Ndiye inangodetsa zoonda zija pagalasi kuti zioneke ngati zonenepa. Makina osindikiza sanatengeko chinyengo chimenecho, anatulutsa zoonda zokhazokha.

Ana anauzidwa kuti ayankhe akaona zonenepa. Zonenepa zanu, zija munalembera pa khonde, sizinafike n'komwe papepala. Musakhulupirire ine kapena Clemence. Tsitsani katoni ija, tsegulani kabuku kamodzi, muvale magalasi, mundipezere liwu limodzi lonenepa. Mukalipeza, ndisiyadi ntchitoyi.

Ndinadziwa kuti sindinaziyese, komabe ndinatumiza. Manyazi amene mukuwaika pa Tinevimbo ndi anga. Ndakonza tsopano, zitatu zonse zili pa dzina limodzi, Zakaria basi. Ndasindikiza kuno pa makina awiri osiyana, ndipo tsamba limodzi ndaliika m'kalata muno.

Za mtima ndamva. Musamukalipire Clemence. Ndikufunitsitsa kubwera, koma ndikawoloka malire pa Beitbridge mapepala asanatuluke mwina sadzandilolanso kulowa, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndimadzuka ndatsimikiza zobwera, pofika masana ndasintha. Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Mwana wanu,
Dolly

Johannesburg, 7 Julayi 2024

Clemence,

Kuli zii bwanji? Admire akuti kalata anawapatsa m'manja. Foni yawo sakuyankha, iwenso ukungondiyankha kuti "tilipo". Anatsegula kabuku? Mafayilo atsopano unaika? Uyambe wachotsa akale aja onse, apo ayi kompyuta isokonezekanso. Ndipo ulendo uno usindikize tsamba limodzi, uliyang'ane ndi maso ako, usanauze munthu kuti amange katoni.

Ngati akwiya nane undiuze, ndipirira. Chimene sindingapirire n'kusadziwa.

Dolly

Epworth, 10 Julayi 2024

Sisi,

Pepani. Mudhara anagonekedwa masiku angapo, madzi anachuluka m'thupi, ndiye ndinali uku ndi uku. Atuluka, ali kunyumba. Kalata yanu anapita nayo kuchipatala m'thumba la jekete.

Dzulo ndikuchokera ku Msasa ndinapeza katoni ili pansi, yotsegula. Nyarai akuti mudhara anamuitana kuti awatsitsire, anakhala nako kabuku pa khonde nthawi yaitali, kutsegula kena, kutsegulanso kena, ngati mwina kamodzi kasiyana. Kenako anafunsa kuti Tinevimbo aweruka nthawi yanji.

Zatsopano ndasindikiza, ndayang'ana tsamba lililonse. Zatuluka. Hameno, kaya atani nazo, ine ndangoziika pa tebulo.

Clemence

Epworth, 28 Julayi 2024

Mwana wanga Dolly,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa munthu wamkulu akalakwa amayamba wazungulira nyumba kaye asanalowe pakhomo.

Liwu lonenepa ndinalifuna, sindinalipeze. Ndinamuitana Tinevimbo, ndinamupepesa. Anandiyankha m'Chishona chothamanga, theka sindinamve, koma anali akulira akundimenya paphewa, ndiye ndinamva zokwanira. Akuti pamanda paja ankafuna kungowerenga chilichonse, koma anaopa kuti awerenga mawu a a Josphat n'kundichititsa manyazi.

Timabuku tatsopano ndationa. Zonenepa zanga unazidula msinkhu, usaganize kuti sindinaone. Ndinakwiya tsiku limodzi, kenako ndinaona kuti mzere ukuyenda bwino, diso silikupunthwa. Zopendekeka zakozo nazo si zoledzera kwenikweni, zangotsamira ngati munthu akunong'oneza mnzake. G ali ndi mchira wanga monsemo.

Tsono ndinaganiza kuti sindidikiranso maliro a munthu kuti ndidziwe ngati zikugwira. Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndinaitana a Josphat, ana a Fanwell, zidzukulu za mayi Augusta ndi achinyamata ena, anadzaza bwalo mpaka kumpanda. Ndinati ine ndikhala malemu. Ndinkafuna kugona pamphasa andifunditse bulangete, koma Nyarai anakana kwamtuwagalu, akuti kumeneko n'kuitana imfa, ndipo ndikatero iye apakira abwerere kwawo ku Murehwa. Tinagwirizana kuti ndikhale pampando, nditseke maso.

A Josphat anayamba mwamanyazi, akuti sanafunsirepo munthu amene akupuma. Ndinati funsani, nthawi ikutha. Anafunsa. Dolly, bwalo lonse linayankha. Katchulidwe kanali kokhota, Chishona chikumveka m'kati, Tawananyasha akuthamanga kutsogolo kwa anzake ngati akupita kukagoletsa. Koma anayankha pamalo pake, funso lililonse, ndipo pamene panalembedwa mopendekeka kuti aimirire ndinamva mabenchi akugwedezeka popanda wowauza. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anathamangira kumpanda, kuyesa kuti ndapita. Ndinabera, ndinatsegula diso limodzi. Tinevimbo sankayang'ana n'komwe m'buku, ankayang'ana ine.

A Josphat ndawauza kuti zija ndinanena aziiwale, adzafunse. Tsiku lenilenilo ine sindidzamva kanthu, ndiye ndamveratu, ndipo ndagona tulo tabwino koyamba chichokereni a Fanwell.

Mawu a munthu mmodzi yekha ndiwo ndinawasowa pabwalopo, ako. Za mapepala ako ndazimva, ndipo sindikuuza kuti utaye ntchito. Koma ndikukudziwa, uthenga ukadzafika udzakwera basi tsiku lomwelo, mapepala kaya alipo kaya palibe. Ngati ulendowo uli umodzi wokha, usausungire tsiku limenelo, oyankha alipo kale. Bwera pano ndikadali woti ukaitana pakhomo kuti "Bambo", nditha kukuyankha.

Ndine bambo ako,
Zakaria